Zimene ndinaona poyesa zitsamba za matenda a shuga ndi kamakina koyezera magazi

Kuno ku Angónia, boma la m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndi ochepa kwambiri odwala matenda a shuga amene amadalira mapiritsi a kuchipatala okha. Tikakhala pabenchi kudikira anamwino, nkhani imene imatenga nthawi ndi ya zimene aliyense akumwa kunyumba kwake: wina ufa wa chammwamba, wina madzi a therere lonyika usiku wonse, wina masamba a nimu kapena a mango owiritsa, ndipo achikulire ambiri amatchula makungwa a muwawani ndi a mfula. Amene anagwirapo ntchito kum'mwera kwa dziko lino amabwera ndi mbiri ya cacana, ndiwo yowawa imene anthu a ku Maputo ndi ku Gaza amaikonda. Onsewa amagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti chinthu chowawa ndicho chimathana ndi shuga m'magazi. Ine ndine mphunzitsi ku Ulónguè, ndili ndi shuga wa mtundu wachiwiri, ndipo ndinakulira m'banja limene limalemekeza mankhwala a makolo, choncho sindinayambe nkhaniyi ndi mtima wonyoza zitsamba. Ndinkafuna kudziwa ngati zimatsitsadi shuga, zimamutsitsa kufika pati, ndiponso ngati munthu wamba angathe kuzindikira zimenezo ali kunyumba kwake.

Matendawa anandipeza monga amapezera ambiri, ndi ludzu losatha, kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, kuonda ngakhale ndinkadya bwino, ndi maso kuchita chidima ndikamalemba pabolodi. Atandiyeza m'mawa ndisanadye kanthu, shuga anapezeka ali pa 13 mmol/L (umenewu ndi muyezo wa kuchuluka kwa shuga m'magazi), pamene malire amene madokotala amanenera kuti munthu ali ndi matendawa ndi 7.0 munthu asanadye. Anandiyezanso tsiku lina kuti atsimikize, kenaka anandiyambitsa mapiritsi a shuga otchedwa metformin. Sindinali ndekha, pakuti kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique anapeza kuti mu 2005 anthu 2.9 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga, ndipo pofika 2015 chiwerengerocho chinali chitakwera kufika pa 7.4. Mbiri ya matenda angawa itangofika kumudzi, abale anayamba kundibweretsera mizu, makungwa ndi mabotolo, aliyense akulumbira kuti mnzake wina anachira nazo.

Amayi anga aang'ono ndi amene anandiperekeza kwa sing'anga wina wachikulire wa kufupi ndi Dómuè, amene ali m'bungwe la AMETRAMO, la asing'anga a m'dziko lino. Munthuyo anandilandira bwino, ndipo ndisananene zambiri anati: "Aphunzitsi, mapiritsi amene anakupatsani kuchipatala musawasiye. Ine ndimathandiza, koma magazi anu sindiwaona." Ndinawafunsa kuti, "Nanga agogo, muyezo wa makungwawa ndi wotani?" Iwo anatapa makungwa a muwawani odzaza dzanja, n'kunena kuti ndiwiritse mu mphika wa madzi mpaka madziwo atachita bii, ndizimwa kapu m'mawa ndi madzulo. Pobwerera ndinkangolingalira za dzanja lija. Dzanja lawo silifanana ndi langa, mphika wa kwathu sufanana ndi wa kwa mnansi, ndipo makungwa osendedwa m'chilimwe pa mtengo waukulu sangakhale ndi mphamvu yofanana ndi osendedwa m'dzinja pa mtengo wanthete. Piritsi la metformin limene ndinkamwa linali la 500 mg lero, mawa ndi mkuja, pamene kapu ya makungwa inkatha kukhala yamphamvu lero n'kukhala madzi chabe mawa, popanda wodziwa.

Amene ananditsegula maso ndi muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira za mankhwala ndipo anakhalapo m'chipinda choyesera zinthu. Nditamuonetsa makungwawo sanaseke, koma anakhala pansi n'kundifotokozera njira imene akatswiri amatsata. Choyamba, katswiri wa zomera amatsimikiza dzina lenileni la mtengowo, chifukwa dzina limodzi la kumudzi limatha kutanthauza mitengo iwiri kapena itatu, ndipo chitsanzo chake amachiumitsa n'kuchisunga m'nyumba yosungira zomera monga imene ili ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Kenaka masamba kapena makungwawo amawaumitsa pamthunzi, kuwapera, kuwanyika m'madzi kapena mu ethanol (mowa waukali wa m'chipinda choyesera), kusefa, ndi kuphwetsa madziwo mpaka patatsala phala kapena ufa umene angathe kuuyeza pa sikelo. Apa anatsindika kuti zimene zimasungunuka mu ethanol si zonse zimene zimasungunuka m'madzi, kotero kuti mtengo ukhoza kuonetsa mphamvu m'chipinda choyeseramo koma mphamvuyo osapezeka mu mphika wa kunyumba.

Ufawo amayamba kuuyesa m'timabotolo, kuona ngati ukuchedwetsa michere ya m'matumbo imene imaphwanya chakudya monga nsima kuti chisanduke shuga. Ukaonetsa kanthu, amapita nawo ku makoswe. Makoswewo amawabaya mankhwala otchedwa alloxan kapena streptozotocin, amene amawononga tizigawo ta kapamba timene timapanga insulin, chinthu chimene chimatsitsa shuga m'magazi, ndipo shuga wawo amakwera. Akatero amawagawa m'magulu: gulu lina salipatsa kanthu, lina amalipatsa mankhwala odziwika kale monga metformin kapena glibenclamide, ndipo magulu otsalawo amawapatsa ufa wa mtengo uja pa milingo yosiyana, yowerengedwa molingana ndi kulemera kwa khoswe aliyense. Magazi amawatenga kumchira, ndipo pomaliza amaonanso chiwindi ndi impso ngati sizinaonongeke. Mfula, nimu ndi chammwamba zinayesedwapo motere, ndipo zinatsitsadi shuga wa makoswe. "Koma amalume," anatero muphwa wanga, "khoswe wa magalamu 200 amene kapamba wake waonongedwa dala sabata yatha sali ngati inu amene shuga wanu wakhala akukwera pang'onopang'ono kwa zaka. Mlingo umene amapatsa khoswe, mutauwerengera pa thupi lanu, nthawi zina ungafune masamba ochuluka kuposa amene mimba yanu ingalandire."

Gawo lomaliza, limene mitengo yambiri sinafikepo, ndi kuyesa pa anthu ambiri kwa miyezi, ena akumwa mankhwala enieniwo ndipo ena akumwa chinthu chofanana nawo maonekedwe koma chopanda mphamvu, popanda wodwala kapena womuyeza kudziwa amene ali m'gulu liti. Anandipatsa chitsanzo cha Momordica charantia, mbale wake wa cacana, imene imatchuka kwambiri ku India ndi maiko ena a ku Asia. Mu 2012 bungwe la Cochrane litasonkhanitsa kafukufuku woyenera amene anachitika pa anthu odwala shuga wa mtundu wachiwiri, linapeza kuti umboni wakuti chomeracho chimathandiza unali wosakwanira. Komabe anandikumbutsa kuti metformin yemweyo chiyambi chake ndi chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis, chimene anthu akale ankachigwiritsa ntchito ngati mankhwala. Mankhwala a m'chitsambacho anali ndi ululu woopsa pa mlingo umene unkatsitsa shuga, ndipo panapita zaka zambiri akatswiri asanapeze mtundu wake wotetezeka, umene dokotala wa ku France, Jean Sterne, anafalitsa zotsatira zake pa odwala shuga mu 1957. Nkhani imeneyi inandilimbitsa mtima kuti m'mitengo yathu mukhoza kukhala mankhwala enieni, ndipo inandionetsanso kuti mtengo umene uli ndi mphamvu yotsitsa shuga ukhozanso kukhala ndi mphamvu yovulaza.

Pa tsiku langa la kuchipatala ndinawauza anamwino zonse, ngakhale ambiri amabisa poopa kukalipiridwa. Sanandikalipire. Anati makungwa ndi mizu ndizisiye chifukwa palibe angandiuze mlingo wake, koma ngati ndikufunitsitsa kuyesa, ndiyese zimene zili kale chakudya, ndisasinthe mapiritsi ngakhale limodzi, ndipo ndizilemba zonse m'kope kuti tizionera limodzi. Ndinagula kamakina koyezera shuga mumzinda wa Tete. Kamakinako sikavuta kwenikweni. Chimene chimadula ndi timapepala take, ndipo pogula muyambe mwafunsa ngati timapepala ta mtundu umenewo timapezeka kufupi ndi kwanu. Tisungeni m'kabotolo kake kotseka bwino, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi, ndipo muziona tsiku limene timathera ntchito. Musanabaye chala sambani m'manja ndi sopo ndi kupukuta, chifukwa chala chimene changogwira nthochi kapena nzimbe chimapereka nambala yokwera yabodza. Dziwaninso kuti makina ena amawerenga mu mmol/L ndipo ena mu mg/dL, chinthu chimene chimasokoneza kwambiri ife a m'malire amene timagula zinthu kuno komanso ku Dedza kudzera pa chipata cha m'malire cha Calómuè. Kusintha kuchoka mu mmol/L kupita mu mg/dL n'kuchulukitsa ndi 18, kotero kuti amene akuti shuga wake ali pa 8 ndi amene akuti ali pa 144 akunena chinthu chimodzi.

Ndisanayambe chitsamba chilichonse, ndinatha milungu ingapo ndikungoyeza ndi kulemba, m'mawa ndisanadye ndiponso patapita maola 2 nditadya chamasana. Gawo limeneli ndilo linandiphunzitsa zambiri kuposa ena onse, ndipo ndilo limene anthu ambiri amalidumpha. Popanda kusintha kanthu kalikonse, shuga wanga wa m'mawa ankayenda pakati pa 7 ndi 9. Ndikagona mochedwa ndikukonza mayeso a ana, ankakwera. Ndikadwala chimfine, ankakwera. Ndikapita kusukulu wapansi m'malo mokwera njinga yamoto, ankatsika. Izi zikutanthauza kuti munthu amene wayeza Lolemba n'kupeza 9, wamwa masamba owiritsa, ndipo Lachiwiri wapeza 7, sananame akanena kuti shuga watsika, koma sangathe kunena kuti masambawo ndiwo amutsitsa. Umboni wambiri umene ndinkamva pabenchi paja unali wa mtundu umenewu, woperekedwa ndi anthu oona mtima.

Kenaka ndinayamba ufa wa chammwamba, umene umabwera kuchokera kumadera otentha a kumunsi, chifukwa kuno kumapiri kumazizira ndipo mtengowu suchita bwino kwenikweni. Ndinkathira supuni imodzi m'ndiwo zamasana, osasintha china chilichonse. Shuga wa m'mawa sanasunthe, anapitiriza kuyenda m'malire omwe aja. Wa pambuyo pa chakudya ankaoneka wotsikirapo pang'ono masiku ena, koma nditayang'anitsitsa m'kope ndinaona kuti masiku amenewo ndi amene ndinkadya ndiwo zamasamba zambiri ndi nsima yochepa, choncho sindikanatha kulekanitsa ntchito ya ufawo ndi ntchito ya kuchepa kwa nsima. Nditausiya kwa kanthawi n'kuuyambanso, manambala sanasonyeze kusiyana kumene ndingakuimire umboni. Chammwamba ndi ndiwo yabwino yopatsa thanzi ndipo ndimadyabe mpaka lero, koma pa thupi langa sichinachite ntchito ya piritsi. Madzi a therere ndinawayesa kanthawi kochepa, sanasinthe kanthu, ndipo ndinawasiya muphwa wanga atandiuza za kafukufuku wina wa pa makoswe amene anaonetsa kuti kutelera kwa therere kumatha kuchepetsa metformin amene amalowa m'magazi zikamwedwa pamodzi.

Zimene zinasuntha manambala moonekeratu zinali zina. Mbatatesi, zimene timalima zambiri kuno ndipo timanyadira nazo, zinkakweza shuga wanga kupitirira 12 ndikadya mbale yodzaza, ndipo thobwa lothira shuga linkachita chimodzimodzi. Nsima ya mgaiwa ya mitanda iwiri ndi nyemba zambiri inkandisunga bwino kusiyana ndi ya ufa woyera ya mitanda inayi. Nyengo yopalira, pamene ndinkagwira khasu m'mawa uliwonse wa Loweruka ndi madzulo ndikaweruka, manambala anatsika kuposa nthawi ina iliyonse. Anamwino atawerenga kopelo anandilangiza kuti ndikayezetse HbA1c, kuyeza kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi 2 kapena 3 yapitayo. Kamakina ka kunyumba kali ngati kuona dengu limodzi la chimanga, pamene HbA1c ili ngati kusuzumira m'nkhokwe yonse. Kuyambira pa 6.5 pa 100 amati munthu ali ndi matendawa, ndipo kwa akuluakulu ambiri amene akulandira chithandizo cholinga chimakhala kukhala pansi pa 7. Aliyense amene akukutsimikizirani kuti chitsamba chinamuchiza, mufunseni mwaulemu ngati anayezetsapo zimenezi asanayambe ndi atamaliza.

Makungwa a muwawani sindinawamwe, koma ndinaona ndi maso anga zimene zinachitikira alamu anga amene ankawamwa. Iwo anali pa glibenclamide, piritsi limene limakakamiza kapamba kutulutsa insulin kaya munthu wadya kaya sanadye, mosiyana ndi metformin amene payekha sakonda kugwetsa shuga mopitirira. Tsiku lina m'mawa anamwa piritsi lawo, anamwanso kapu yodzaza ya makungwa ochita bii, n'kupita kudimba osadya kanthu. Dzuwa lisanafike paliwombo, mwana anathamangira kwathu kudzanena kuti bambo ake akulankhula zosamveka. Ndinawapeza atakhala pamzere wa kabichi, malaya atanyowa ndi thukuta ngakhale kunali kozizira, manja akunjenjemera, ndipo ankandiyang'ana ngati sakundidziwa. "Alamu, mwadya chiyani lero?" Anangopukusa mutu. Anthu ena anali atayamba kale kunong'onezana za kulodzedwa, ena za kachasu. Kamakina kanaonetsa 2.8, pamene chilichonse chotsika kuposa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL, ndi shuga wotsika mofuna chithandizo msanga. Popeza ankatha kumeza, tinasungunula masupuni ang'onoang'ono 4 a shuga m'kapu ya madzi n'kuwamwetsa, tinadikira mphindi 15, tinayezanso, ndipo atayamba kuzindikira anthu tinawapatsa phala. Tinapita nawobe kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa glibenclamide amakhalitsa m'thupi ndipo shuga akhoza kugwanso patapita maola. Akanakhala kuti akomoka, sitikanawathira kanthu m'kamwa, chifukwa munthu wokomoka amatsamwa. Tikanawagoneka cham'mbali n'kuthamanga nawo.

Glibenclamide ndi njala ndi khasu pazokha zimakwanira kugwetsa munthu chotero, ndipo makungwawo anangowonjezera chinthu china chosayezedwa pamwamba pa zimenezo. Apa ndi pamene pali vuto limene anthu ambiri saliganizira. Ngati chitsamba chilibe mphamvu, ndiye kuti amene wasiya mapiritsi chifukwa cha icho wasiya shuga wake akuononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi mwakachetechete, chifukwa munthu amatha kumva bwino m'thupi shuga ali pa 12 kapena 14. Ngati chili ndi mphamvu, ndiye kuti amene akuchiphatikiza ndi mapiritsi kapena jakisoni wa insulin osauza achipatala akumwa milingo iwiri, umodzi wodziwika ndi wina wosadziwika. Ndinataya mnzanga wa kutchalitchi amene anasiya mapiritsi atamva kuti wachira ndi botolo logula pamsika. Kachilonda ka kuphazi kamene sankakamva kuwawa kanakula mpaka mwendo unadulidwa, ndipo sanakhalitse. Mpaka pano mtima umandipweteka ndikakumbukira mmene ankalankhulira mokondwa kuti wamasuka ku mapiritsi.

Mabotolo a pamsika amandidetsa nkhawa kuposa asing'anga a kumudzi, chifukwa sing'anga amadziwika kwawo ndipo mutha kubwerera kukamufunsa, pamene botolo lopanda dzina la wopanga silinena chimene chili m'kati. M'maiko ena akuluakulu oona za mankhwala anapezapo mankhwala otchedwa azitsamba atasakanizidwa mobisa ndi glibenclamide kuti azioneka amphamvu. Palinso zitsamba zimene zimatsegula m'mimba, monga utomoni wachikasu wa alovera, ndipo munthu akatsegula m'mimba sadya bwino, shuga amatsika, iye n'kumaganiza kuti mankhwala akugwira ntchito pamene thupi likutha madzi. Kutha madzi kumapanikiza impso, ndipo metformin amatuluka m'thupi kudzera mu impso zomwezo, choncho amene akusanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri afunse achipatala msanga za mapiritsi ake. Mafuta a nimu ndi oopsa kwa ana aang'ono. Amayi oyembekezera asayese chilichonse mwa izi. Ndipo mwana kapena wachinyamata amene ali ndi shuga wa mtundu woyamba, amene thupi lake silipanga insulin, asasiye jakisoni ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha tsamba lililonse. Insulin asanayambe kuperekedwa kwa odwala ku Toronto, ku Canada, mu 1922, ana oterewa ankamwalira, ngakhale kuti zitsamba zinalipo m'maiko onse.

Alamu anga atachira ndinabwerera kwa agogo aja a ku Dómuè, nditatenga kope langa, ndipo ndinawafotokozera zimene zinachitika kudimba. Anamvetsera osandidula mawu, anafunsa dzina la piritsi lija kawiri, ndipo anauza mdzukulu wawo kuti alilembe papepala. Anati kuyambira tsiku limenelo aliyense wobwera ndi shuga azimufunsa kaye zimene akumwa kuchipatala, ndipo wa piritsi limenelo kapena wa jakisoni sazimupatsa makungwa. Anandifunsanso ngati akatswiri angabwere kudzatenga muwawani ndi mfula kuti akaziyeze bwinobwino pa anthu, ndipo ine ndikufunitsitsa zimenezo zitachitika, chifukwa nzeru za anthu ngati iwowa zikupita ndi eni ake zisanalembedwe. Achipatala anawasinthira alamu anga mlingo wa mapiritsi, ndipo tsopano sapita kudimba osadya, amayendanso ndi timasiwiti m'thumba. Ine ndikupitiriza metformin, ndimayezetsa impso ndi maso kamodzi pachaka, ndimayang'ana mapazi anga madzulo alionse, ndipo wachibale akandibweretsera tsamba latsopano ndimalilandira ndi manja awiri, ndimafunsa dzina lake ndi kumene lathyoledwa, kenaka ndimapita nalo kwa anamwino pa tsiku langa lotsatira ndisanaliike pamoto.